Makilo 452 pa thumba limodzi la tiyi: pulogalamu ikane ziti, ilole ziti?

Funso la sabata ino lachokera kwa mtsikana wa ku Limbuli, m'boma la Mulanje:

"Zikomo akulu. Ndinamaliza dipuloma ya zamakompyuta chaka chatha, ndipo kalabu ya alimi a tiyi ya kwathu, komwe mayi anga alinso membala, inandipempha kuti ndiwalembere kapulogalamu kolembera makilo pa shedi. Akalaliki amalemba pa foni, zonse n'kupita ku seva, kompyuta ya pa intaneti yolandira ndi kusunga zonse, imene pulogalamu yake ndinailemba ndi chilankhulo cha PHP ndi chosungira deta cha MySQL. Mu February kunabuka mkangano: mlimi wina anapezeka ndi makilo 452 pa thumba limodzi, pomwe pa risiti ya pamanja panali 45.2. Komanso dzina lililonse lokhala ngati Ng'oma limagwetsa pulogalamu, ndipo alimi ena akuoneka kawiri. Nditaona izi ndinakhwimitsa zonse. Ndinaletsa zizindikiro m'mayina, nambala ya foni ndi tsiku lobadwa ndinaziika mokakamiza, makilo ndinati asapitirire 60. Pano akalaliki akudandaula kuti pulogalamu ikuwakanira zinthu zoona, mzere ukutalika, ena abwerera ku kope. A komiti ayamba kundiyang'ana ndi diso lina. Ndisefe bwanji kuti zabodza zisalowe koma zoona zisatsalire kunja? Kapena ntchitoyi yandikulira?"

Achemwali, khazikani mtima pansi, ntchitoyi sinakukulireni. Zimene mwakumana nazozi amakumana nazo aliyense tsiku limene pulogalamu yake yachoka pa laputopu n'kufika m'manja mwa anthu. Ine ndalembera mapulogalamu magulu a alimi, mashopu ndi mabanki a m'mudzi kwa zaka zambiri, ndipo sindinaonepo imene inapita kumunda osabwerako ndi zipsera zotere. Ndi akuluakulu omwe zimawaonekera. Mu December 2005 wogwira ntchito pa kampani ya Mizuho Securities ku Tokyo ankafuna kugulitsa sheya imodzi pa mtengo wa ma yen 610,000, koma analemba mosemphanitsa: masheya 610,000 pa yen imodzi. Kampani imene masheya ake ankagulitsidwayo inalibe n'komwe masheya ochuluka chonchi, komabe oda inadutsa, ndipo Mizuho inataya pafupifupi ma yen 40 biliyoni. Makilo anu 452 ndi mphwake wa cholakwika chimenechi. Mwayi wanu ndi wakuti risiti ya pamanja inalipo.

Pamene mwaphonya ndi pokhwimitsapo. Malamulo munawatenga m'mutu mwanu muli ndi mantha a komiti, pomwe malamulo osefera deta, zimene anzathu amati validation, amayenera kuchokera pa shedi pomwepo. Zimene munthu amalemba mu fomu zimabwera m'mitundu itatu. Pali zosatheka, monga makilo ochepera ziro kapena tsiku la 31 February: zimenezo zikanidwe. Pali zodabwitsa koma zotheka, monga gogo amene amabweretsa makilo 20 lero wabwera ndi 70: zimenezo pulogalamu ifunse kaye, kalaliki akatsimikiza izilandire. Ndiye pali zoona zongolembedwa mosiyana, monga nambala ya foni yokhala ndi mipata pakati: zimenezo landirani, muzikonze nokha mwakachetechete. Inu mitundu yonse itatu mwaithira mu dengu limodzi la kukana, n'chifukwa chake akalaliki athawira ku kope.

Tiyambe ndi thumba lija. Ambiri angothamangira kunena kuti kalaliki anaiwala kadontho, ndipo mwina n'zoona, chala chonyowa ndi mvula chimaphonya pa galasi la foni. Koma ine ndikukayikira china chifukwa cha komwe muli. Limbuli ndi Muloza n'zoyandikana ndi Milange, ndipo si zachilendo kumeneko kupeza foni yochokera tsidya la Mozambique kapena yotumizidwa ndi m'bale wa ku Joni. M'mayiko awiri onsewa 45.2 amalemba 45,2, ndi mpatuliro m'malo mwa kadontho, ndipo foni yotcheredwa Chipwitikizi imapereka mpatulirowo pa kiyibodi ya manambala. Tsono ife kuno timalemba K45,000, mpatuliro n'kumalekanitsa masauzande, ndiye ambirife timaika kamzere kofufuta mipatuliro yonse tisanawerenge nambala. Kamzere kameneko kakakumana ndi 45,2 kamabala 452 ndendende. Pali njira inanso imene imandidetsa nkhawa kwambiri: mukapatsa floatval ya PHP, imene imasandutsa mawu kukhala nambala, mawu akuti 45,2 imaima pa mpatuliro n'kutenga 45. Mlimi amataya magalamu 200 tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene amabwera kudzakangana chifukwa palibe akuona. Kaoneni pa seva chimene chinafika kuchokera pa foni tsiku limenelo chisanasandulike nambala.

Mankhwala ake ndi akuti bokosi lililonse likhale ndi lamulo lakelake. La makilo lilandire manambala, kadontho kamodzi kapena mpatuliro umodzi, kenako nambala imodzi kapena ziwiri, basi. Mpatulirowo muusandutse kadontho. La ndalama likhale ndi lamulo lina, ndipo ndalamazo musazisunge ngati float, mtundu wa nambala za kadontho umene kompyuta imasunga mongoyerekeza. Kompyuta ikaphatikiza 0.1 ndi 0.2 mwa njira imeneyo imapeza 0.30000000000000004, ndipo timatambala totere tikaunjikana pa mwezi msungichuma amapeza mabuku osagwirizana. Gwiritsani ntchito DECIMAL mu MySQL, pa ndalama ndi pa makilo pomwe.

Nanga 60 ija munaitenga kuti? Ndikuganiza kuti munayang'ana matumba a masiku angapo n'kuona kuti palibe lofika pamenepo. Koma tiyi sayenda chimodzimodzi chaka chonse. Mvula ikakhazikika, kuyambira December mpaka April, masamba amaphuka osapumira ndipo banja lonse limalowa m'munda, pomwe m'chilimwe munthu amabwera ndi kathumba. Malire okanira funsani sikelo. Ngati sikelo yanu yopachika imathera pa makilo 100, ndiye kuti muyeso umodzi woposa 100 ndi wosatheka, ndipo palibe kalaliki angatsutse zimenezo. Kuti lamuloli ligwire ntchito, thumba lililonse lilembedwe pa mzere wakewake, pulogalamu iphatikize yokha. Kalaliki akamaphatikiza pamtima n'kulemba nambala imodzi, mwataya chitetezo cha sikelo ndipo mwawonjezera malo ena olakwitsira. Ngati mumachotsera kulemera kwa thumba kapena madzi a mvula, zimenezo zikhale ndi mabokosi ake, ndipo seva ionetsetse kuti chochotsera sichikuposa chimene chinayezedwa. Pansi pa malire a sikelo m'pamene pali chenjezo lofunsa. Yerekezani ndi mbiri ya mlimi yemweyo m'masabata apitawa: ngati lero wabweretsa kuwirikiza katatu zimene amabweretsa, foni inene kuti "Mayiwa amabweretsa pafupifupi makilo 20, mwalemba 70. N'zoona?" Kalaliki akavomera, lembani, koma muike chizindikiro kuti mlembi wa kalabu adzayang'anenso madzulo. Manambala a malirewa musawakhomerere mkati mwa kodi. Akhale pa tebulo la zotchera, kuti kalabu ikagula sikelo ina kapena mtengo ukasintha musamatsegule pulogalamu yonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, malire a ndalama amene ankaoneka okwera anasanduka otsika m'miyezi yochepa.

Za tsiku lobadwa ndikuuzeni zimene ndinaona ndi maso anga. Gulu lina limene ndinalilembera pulogalamu linafuna tsiku lobadwa la membala aliyense, ndipo ndinaliika mokakamiza monga mwachitira inumu. Patapita miyezi ndinapeza agogo ambirimbiri obadwa pa 1 January. Akalaliki sanali oipa ayi. Gogo ankati anabadwa chaka cha njala, kumbuyo kuli mzere wa anthu, foni ikukana kupitirira, ndiye ankangolemba chimene chingadutse. Bokosi lopanda kanthu limanena zoona, limati sitikudziwa. Bokosi lokakamizidwa limanama, ndipo bodza lakelo simungalisiyanitse ndi zoona. Dzifunseni ngati kalabu ikufunikiradi tsiku lobadwa kuti ilipire mlimi. Ngati ayi, lichotseni, chifukwa chimene simunasunge sichingabedwe. Ngati likufunika, lolani chaka chokha, ndipo pakhale posankha kuti "sakudziwa". Chimodzimodzi foni: alipo alimi opanda foni, alipo amene amalandirira pa foni ya mdzukulu, ndiye nambala imodzi ikhoza kuoneka pa alimi awiri mwachilungamo. Mukakakamiza, muona ma 9 okhaokha akudzaza tebulo.

Tsopano nkhani ya Ng'oma, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi yoopsa kuposa zonse zimene mwalemba. Kachizindikiro kam'mwamba kaja, kamene kusukulu tinkati nkhodolero, sikalakwa. N'kachilankhulo chathu: ng'ombe, m'mudzi, M'bwana. Vuto ndi lakuti mu SQL, chilankhulo cholamulira database (nkhokwe imene deta imasungidwamo), kachizindikiro komweko n'kamene kamatsegula ndi kutseka mawu. Ngati dzina likugwetsa pulogalamu, ndiye kuti mukumata zimene munthu walemba mwachindunji mkati mwa lamulo la SQL. Database ikafika pa Ng n'kuona nkhodolero imaganiza kuti dzina latha, ndipo zotsalazo imayesa kuziwerenga ngati lamulo. Mlimi wa dzina limeneli wakuonetsani khomo losatseka mosadziwa. Munthu wodziwa akhoza kulemba nkhodolero mwadala, n'kutsatiza lamulo lakelake, ndipo database imumvera: imupatsa mayina ndi manambala a alimi onse, isintha makilo, kapena imulowetsa popanda pasiwedi. Zimenezi ndi zimene amati SQL injection. Pa mndandanda wa bungwe loona za chitetezo cha mapulogalamu la OWASP wa ziopsezo khumi zazikulu za mapulogalamu a pa intaneti, injection inali pa nambala 1 mu 2010, 2013 ndi 2017, ndipo mu 2021 inali idakali pa nambala 3. Kampani ya mafoni ya TalkTalk ku Britain inaberedwa deta ya makasitomala oposa 150,000 mu 2015 kudzera pa khomo lomweli, ndipo inalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 400,000.

Kuletsa nkhodolero m'mayina sikutseka khomoli. Choyamba, mwachotsera anthu mayina awo, ndipo Ng'oma ndi Ngoma si dzina limodzi, tsiku lina dzina la mu pulogalamu lidzasiyana ndi la pa chiphaso cha unzika kapena la pa Mpamba. Chachiwiri, wakuba ali ndi mabokosi ena, ndipo pa bokosi la nambala safunikira nkhodolero n'komwe. Njira yokhayo ndi prepared statements. Mu PHP muli PDO kapena mysqli: mumalemba lamulo lokhala ndi mfunsiro pamalo pa dzina, dzinalo n'kulipereka padera kudzera mu execute. Database imalandira lamulo payokha ndi deta payokha, ndipo deta singasanduke lamulo ngakhale italembedwa motani. Fufuzani mu kodi yanu yonse paliponse pamene pali $_POST kapena $_GET, zimene zimanyamula zimene munthu watumiza, pafupi ndi SELECT, INSERT, UPDATE kapena DELETE, mukonze paliponse osasiyako. Ngati pa zonse zimene ndikulemba pano mungathe chimodzi chokha sabata ino, chikhale chimenechi. Ndipo potulutsa dzina pa tsamba, lidutse mu htmlspecialchars, kuti wina akalemba kodi m'bokosi la dzina isakathamange mu bulawuza ya msungichuma. Kusefa polowa ndi kuteteza potuluka ndi ntchito ziwiri, imodzi siilowa m'malo mwa inzake.

Dzina lenilenilo lisefeni mopepuka. Lisakhale lopanda kanthu, lisapitirire utali wina wake, mipata ya kumayambiriro ndi kumapeto ichotsedwe. Musaumirire mayina awiri kapena atatu. Dziwaninso kuti makiyibodi a foni amatulutsa nkhodolero za mitundu iwiri, yowongoka ndi yopindika, zimene maso amaziona ngati chimodzi koma kompyuta imazisiyanitsa, ndiye muzisandutse zonse mtundu umodzi musanasunge. Ndipo database ikhale pa utf8mb4, kuti ŵ wa kadenga ndi malemba a Chipwitikizi a abale a tsidya lija asasanduke mifunsiro.

Funso limene simunafunse koma ndi lofunika: kusefaku kukuchitikira kuti? Ndikukayikira kuti malamulo anu onse ali pa foni. Kusefa kwa pa foni ndi kothandiza kalaliki kuti aone cholakwika mlimi asanachoke, koma si chitetezo. Aliyense wodziwa adiresi ya seva yanu akhoza kutumiza chilichonse osadutsa pa fomu, ndipo foni imene sinalandire pulogalamu yatsopano idzapitiriza kutumiza mwa malamulo akale. Seva iyezenso chilichonse ngati kuti foni sinayezepo. Makamaka mtengo wa pa kilo ndi ndalama zonse zisachokere pa foni: foni itumize nambala ya mlimi ndi makilo, seva iwerengere yokha. Nambala ya kalaliki nayo seva iitenge pa amene walowa ndi pasiwedi, ndipo ione ngati kalaliki ameneyu ali ndi ufulu wolemba pa shedi imeneyi. Ngakhale deta yochokera kwa inu mwini musaikhulupirire. Pa 19 July 2024 makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni anagwa padziko lonse, ndege n'kulephera kunyamuka, chifukwa pulogalamu ya CrowdStrike inkayembekezera zinthu 20 pomwe inapatsidwa 21, ndipo panalibe choyeza kuchuluka kwake isanawerenge. Fayilo imene inayambitsa zimenezi inachokera ku kampani yomweyo.

Mpanda wotsiriza ndi database. Ikani NOT NULL pa zofunikadi, UNIQUE pa nambala ya membala, FOREIGN KEY kuti makilo asalembedwe pa mlimi amene kulibe, ndi CHECK kuti makilo akhale oposa ziro. Koma yang'anani MySQL yanu ndi iti, chifukwa isanafike 8.0.16 ya mu 2019 inkalandira CHECK popanda kudandaula kenako n'kuinyalanyaza. Onetsetsaninso kuti strict mode ndi yoyatsa, apo ayi imadula mawu atali n'kusintha nambala zosayenera mwakachetechete. Ngati pa foni mukusungira mu SQLite, database yaing'ono ya m'foni, podikira netiweki, dziwani kuti imeneyo siitsata FOREIGN KEY pokhapokha mutaiuza ndi PRAGMA foreign_keys = ON, ndipo imalola mawu kulowa m'bokosi la nambala ngati tebulo simunaliike STRICT.

Nambala za foni n'zosavuta mukaleka kulimbana ndi kalembedwe. Wina ayamba ndi 0, wina ndi +265, wina ndi 265, wina aika mipata. Chotsani mipata, sandutsani zonse kuyamba ndi +265 n'kutsatidwa ndi manambala 9, musunge ngati mawu osati ngati nambala, chifukwa nambala imataya 0 wakutsogolo, ndipo Excel imachita zomwezo mukatsegula fayilo ya CSV. Musakhomere kuti Airtel ndi 099 yokha ndipo TNM ndi 088 yokha. Amene anatero anakanira makasitomala oona pamene 098 inabwera, ndipo akulu akukumbukira pamene 09 ndi 08 zinatalikitsidwa kukhala 0999 ndi 0888. Kwanuko muloleponso +258. Koma nambala yooneka bwino si umboni woti ndi ya mlimiyo. Ngati mudzalipire kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, tumizani kauthenga ka nambala yachinsinsi pa foniyo mlimi ali pomwepo, ndipo dzina limene likutuluka ku kampani ya foni liwerengedwe mokweza asanavomereze.

Alimi ooneka kawiri ali ndi magwero awiri. Loyamba ndi kulembetsa munthu mmodzi kawiri ndi kalembedwe kosiyana. Apa musadalire dzina, pakuti m'mudzi umodzi mumapezeka anthu atatu a dzina limodzi. Aliyense akhale ndi nambala ya umembala, ndipo polembetsa watsopano pulogalamu ionetse mayina ofanana nalo a m'mudzi womwewo, kalaliki asankhe. Gwero lachiwiri ndi netiweki ya m'tsinde mwa phiri. Kalaliki adina kutumiza, seva ilandira, koma yankho lisochera panjira, iye aganiza kuti zakanika n'kudinanso. Thumba limodzi lalembedwa kawiri. Kuzimitsa batani sikukwanira. Foni ipange nambala yapadera, UUID, pa muyeso uliwonse nthawi imene fomu ikutsegulidwa, ndipo pa seva nambalayo ikhale UNIQUE. Ikabweranso, seva ingoyankha kuti yalandira kale osalembanso. Ndipo sungani nthawi ziwiri, ya foni ndi ya seva, chifukwa foni imene yagona yothima imatha kudzuka ndi tsiku lolakwika. Masiku asankhidwe pa kalendala, osati kutaipa, pakuti 03/04 kwa ife ndi 3 April pomwe laputopu yotcheredwa Chimereka imawerenga 4 March.

Pa nambala ya umembala pali kaluso kakale kamene ndimakakonda. Wasayansi wa ku IBM, Hans Peter Luhn, anakonza m'zaka za m'ma 1950 njira yowonjezera nambala imodzi kumapeto, yowerengedwa kuchokera ku zinzake. Ndi imene ili pa makhadi a ku banki ndi pa IMEI, nambala yozindikiritsa foni yanu. Imagwira kulakwitsa kulikonse kwa nambala imodzi, ndi pafupifupi kusemphanitsa kulikonse kwa manambala awiri oyandikana. Kodi yake ndi mizere yochepa. Mukadzasindikiza makhadi atsopano a alimi, iganizireni. Pakadali pano, kalaliki akalemba nambala, foni ionetse dzina ndi mudzi m'malemba akuluakulu, iye aitane mokweza, mwini wake avomere.

Ndikuuzeni mosabisa kuti pali zimene kusefa sikungagwire. Kalaliki akalemba 54.2 m'malo mwa 45.2, zonse ziwiri n'zotheka ndipo palibe lamulo lingadziwe. Akagwirizana ndi mlimi kuwonjezera makilo awiri tsiku lililonse, pulogalamu ingolandira. Zotere zimagwidwa ndi kuyerekeza. Madzulo aliwonse makilo onse a shedi ayerekezedwe ndi amene alembedwa ku fakitale galimoto itatsitsa, ndipo kusiyana kukapitirira kumene a komiti amakudziwa kuti n'kwachizolowezi, lipoti lionetse zofiira tsiku lomwelo, osati pa malipiro. Mlimi alandire risiti kapena SMS pomwepo, chifukwa palibe amene amayang'anira makilo kuposa mwini wake amene wathyola kuyambira m'bandakucha. Ndipo mzere wolakwika usamafufutidwe kapena kulembedwa pamwamba. Kukonza kukhale mzere watsopano wonena amene wakonza, nthawi, nambala yakale, yatsopano ndi chifukwa chake. Zimenezi zimatetezanso inuyo, popeza mayi anu ndi membala ndipo pakabuka mkangano chala choyamba chidzaloza amene ali ndi makiyi a database.

Mauthenga okana nawonso muwaone. "Invalid input" sathandiza munthu amene waima pa dzuwa ndi anthu makumi atatu kumbuyo. Lembani m'Chichewa, pafupi ndi bokosi lolakwikalo: "Sikelo imathera pa makilo 100. Ngati matumba ndi awiri, lembani lililonse palokha." Zimene walemba kale zisafufutike. Ndipo uthenga wa SQL usamatulukire pa foni, upite ku logi, kaundula wa zochitika pa seva, chifukwa umauza wakuba mayina a matebulo anu. Mu logi yomweyo muzisunga zonse zimene pulogalamu yakana. Mukaona lamulo limodzi likukana kambirimbiri pa tsiku, kawirikawiri lolakwa ndi lamulolo osati akalaliki.

Deta yoipa imene inalowa kale musaikonze nokha usiku. Koperani kaye database yonse, muyese kuti kopeyo ikubwereradi. Kenako tulutsani mndandanda wa zokayikitsa: makilo oposa sikelo, miyeso yofanana ya mlimi mmodzi m'mphindi imodzi, mafoni a nambala yobwerezabwereza. Pitani nawo kwa mlembi ndi msungichuma, muyerekeze ndi marisiti, ndipo kukonza kulikonse kuvomerezedwe ndi komiti m'maminitsi. Izi ndi ndalama za anthu. Ndaona kuti komiti imene yaitanidwa kuona zolakwika imayambanso kukhulupirira wolemba pulogalamu kuposa imene yangouzidwa kuti zonse zili bwino.

Musanatulutse zosinthazi, kakhaleni pa shedi m'mawa awiri kapena atatu, mungoonerera. Muona amene amabwera ndi khadi la mwamuna wake, amene amabweretsa matumba a anthu awiri, ndi pamene kalaliki amasiya foni n'kugwira cholembera. Chilichonse chachilendo chimene mwaona chisanduke mayeso olembedwa, mwina ndi PHPUnit, chida choyesera kodi ya PHP: 45,2 ndi 45.2 zipereke chimodzi, 0 akanidwe, 100 alowe, 100.1 akanidwe, Ng'oma asungidwe monga alili, muyeso wotumizidwa kawiri ulembedwe kamodzi. Kenako patsani foni mwana wa sekondale mumuuze kuti aigwetse.

Pali pamene simuyenera kukhala nokha. Seva yanu yakhala pa intaneti ndi khomo la SQL lotseguka, choncho mukalitseka sinthani mapasiwedi onse, ndipo mupemphe munthu wodziwa zachitetezo aone malogi ndi kodi. Simuli kutali ndi yunivesite ya MUST ku Ndata, m'boma la Thyolo, kumene amaphunzitsa za chitetezo cha makompyuta, komanso bungwe la anthu a zamakompyuta la ICTAM lili ndi akatswiri amene angakulozereni munthu woyenera. Ameneyo muonetseni kodi ndi deta yongopeka, osati mayina enieni a alimi. Mukapeza zizindikiro zoti wina analowa, monga mizere ya logi yokhala ndi mawu akuti UNION SELECT, makilo osinthika popanda wosintha, kapena akaunti imene simunapange, uzani komiti tsiku lomwelo ndipo mulumikizane ndi Malawi CERT, gulu lothandiza pa ziwembu za pa makompyuta, ku MACRA. Dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 ndi la Data Protection Act la 2024, ndipo mayina, mafoni ndi manambala a ziphaso za alimi ndi deta imene kalabu ili ndi udindo woiteteza. Tsiku limene a komiti adzanene kuti pulogalamu iyambe kutumiza yokha malipiro ku mafoni, musavomere mpaka wolemba mapulogalamu wina wodziwa ntchito ndi wowerengera ndalama ataiunika, ndipo malipiro aliwonse azivomerezedwa ndi anthu awiri.

Mawa chotsani 60 ija ndi chiletso cha nkhodolero kuti akalaliki abwerere pa foni, koma prepared statements zitsogole. Mukapeza chimene seva inalandira tsiku la 452 lija, nditumizireni mutafufuta dzina la mlimi, tione ngati unalidi mpatuliro.